Fundi Zaidi Asiya Kumwa Madzi

Mwezi wa Ramadhani wa chaka cha 1954 unatha, Asilamu a ku Nkhotakota anadya Idi, koma a Zaidi sanamasule kusala kwawo. Chakudya ankadya bwinobwino. Chimene anapitiriza kusala ndi madzi, ndipo sanauze munthu chifukwa chake.

A Zaidi anali fundi wokhoma ngalawa zamatanga zimene anthu a kunyanja amazitcha madau. Zaka zawo zinali zitadutsa makumi asanu ndi limodzi, koma mtima wofuna kudziwa zinthu sunakalambe nawo. Galimoto ya boma ikaima pamsika, iwo ankagwada n'kusuzumira kunsi kwake. Wotchi imene mwana wawo anawatumizira kuchokera ku Joni anaimasula tsiku lomwelo kuti aone chimene chimalira m'katimo, ndipo sinayendenso. Akazi awo, a Kulusumu, ankakonda kunena kuti angelo akadzabwera kudzawafunsa m'manda, adzapeza a Zaidi atakonzeratu mafunso awoawo.

Koma panali funso limodzi limene bambowa analisunga mumtima zaka ziwiri zathunthu. Mkodzo unasiya kuwamvera. Akapita kukataya madzi ankanjuta nthawi yaitali usanayambe. Ukayamba unkatuluka mofooka, modukaduka, ndipo akadzuka ankamva kuti wina watsalira. Tulo sankatidziwa, poti ankadzuka kanayi kapena kasanu. Choipitsitsa chinali chakuti akavala n'kuyenda pang'ono, timadontho tinkatsatira tokha.

Kwa munthu wina limeneli likanangokhala vuto la sopo. Kwa a Zaidi linali lalikulu kuposa pamenepo. Msilamu asanaswali, kapena kuti asanapemphere, amasamba udhu, ndiko kuti m'manja, kumaso ndi mapazi, kuti aime pamaso pa Mulungu ali woyera, ndipo mkodzo ukatuluka udhu uja waonongeka. A Zaidi anakhala akuima pa mzere woyamba mumzikiti Lachisanu lililonse kwa zaka makumi anayi. Lachisanu lina, akuwerama pamodzi ndi anzawo, anamva kunyowa m'kati mwa kanzu yawo yoyera, mkanjo wopempherera. Anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire.

Ramadhani itafika anaona chinthu chimene chinawasangalatsa. Popeza masana onse sankamwa kanthu, timadontho tija tinachepa, ndipo swala ya masana ankaimaliza ali ouma. Fundi anaganiza mwaufundi: madzi amene sanalowe sangatuluke. Choncho Idi itapita anadziikira lamulo la kapu imodzi m'mawa ndi ina madzulo, n'kumakagwira ntchito pamchenga tsiku lonse ndi kasemasema m'manja.

Sabata yoyamba anadziyesa dokotala. Yachiwiri mkodzo unada ngati tiyi, unayamba kununkha ndi kuotcha, mutu nawo unkawawa. Yachitatu timadontho tinabwerera, ndipo Lachisanu litakwana a Zaidi anakhala pakhonde akumva anzawo akudutsa kunjira kupita ku mzikiti. Mtima unawawawa kwambiri. Lachisanu lotsatira anakhalanso pomwepo.

"Bambo a Madina," anatero a Kulusumu ataima pakhomo ndi chikho cha madzi, "mwezi unaoneka kalekale, anzanu onse anamasula. Inu mukudikira mwezi uti?"

"Ndilibe ludzu."

"Milomo yong'aluka choncho mulibe ludzu? Mtsuko ndikadzaza lero, mawa ndikuupeza uli pomwepo. Nanga ku mzikiti mwayambana ndi ndani?"

"Sindinayambane ndi munthu ine. Ndi mwendowu."

"Mwendo womwe mwapita nawo kugombe m'mawa uno?" A Kulusumu anatula chikhocho pambali pawo, n'kutsitsa mawu. "Makanzu anu ndimachapa ndine. Ndakhala chete nthawi yonseyi chifukwa cha ulemu, koma tsopano ndikuopa. Bwanji osakawaona a Filipo?"

A Filipo anali mnansi wawo wa kuseri kwa mpanda, Mkhristu wa ku mishoni, amene ankagwira ntchito ya udulesala, yothandiza madokotala pa chipatala cha pa boma. A Zaidi anapukusa mutu. Mwana woti anamuona akukwawa akamufotokozere za kumalo obisika? Komanso anali atamva kugombe kuti mwamuna akapita kuchipatala ndi matenda a mkodzo amakamufula ngati mbuzi.

"Ndi likodzo chabe," anatero. "Ndani kunyanja kuno amene alibe likodzo?"

Lamulungu lotsatira kunacha ndi mphepo yozizira ya mwera, ndipo mkodzo unatsekeratu. Ananjuta, anadzuka, anayendayenda, ananjutanso, koma ngakhale dontho silinatuluke. Pofika masana, pansi pa mchombo panali patatupa n'kulimba gwa, thukuta likuyenderera ngakhale kunkazizira. A Kulusumu sanapemphenso chilolezo kwa munthu. Anazungulira mpanda n'kukawapeza a Filipo atangobwera kumene ku tchalitchi, ndipo awiriwo anawakweza a Zaidi panjinga n'kuikankha mpaka kuchipatala.

Kumeneko a Filipo anawagoneka pabedi, anatseka chitseko, n'kuwaonetsa kapaipi kofewa ka labala kamene anali atakawiritsa m'madzi.

"Afundi, kameneka ndikalowetsa mu njira ya mkodzo mpaka m'chikhodzodzo. Mumva kuwawa pang'ono, koma mupuma posachedwa."

A Zaidi anangogwedeza mutu, mano ali gwa. Patapita kanthawi mbale yachitsulo inayamba kulira, inadzaza, a Filipo n'kubweretsa ina. Ululu uja unatsika pang'onopang'ono mpaka kutheratu.

"Alihamudulilahi," anatero a Zaidi akuusa moyo. Kenako anadzutsa mutu. "Nanga kapaipiko kadutsa bwanji pamene madzi amakanika?"

"Basi mwachira, mafunso ayambiranso," anatero a Filipo akuseka. "Koma loyamba ndifunsa ndine. Mwakhala mukumwa madzi ochuluka bwanji?"

A Zaidi anaulula za makapu awiri aja. A Filipo anagwira pakamwa.

"Afundi, mukanadziphera impso. Madzi ndi amene amatsuka m'katimo. Mukawamana, tizilombo timaswana, njira imatupa, zinthu zimangoipiraipira. Vuto lanu si madzi olowa ayi. Pali chimene chikupana njira yotulukira."

"Chinthu chanji? Mwala? Likodzo?"

"Likodzo ayi. Ndayang'ana mkodzo wanu pa galasi loonera tizilombo, sindinapezemo mazira ake. Lachinayi la sabata yamawa kukubwera dokotala wa maopaleshoni wochokera ku Zomba, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi njira za mkodzo. Mafunso enawo mumusungire iyeyo. Padakali pano kapaipika kakhala momwemo, mumwe mapiritsi awa, ndipo muzimwa madzi ambiri."

A Zaidi anavomera zonse, koma sanachoke asanasuzumire nawo pa galasi lija.

Dokotalayo anali mzungu wamtali wa imvi, wa dzina lopinda lilime, moti odwala anangomutcha Manjaozizira. Chinyanja anachiphunzira kwa asilikali a dziko lino pa nthawi ya nkhondo, ndipo ankachilankhula mokhotakhota koma chomveka. Lachinayi lija litakwana, dokotalayo asanatsegule pakamwa, a Zaidi anamuyambirira.

"Bwana, kwathu kuno munthu asanakwere dau amafunsa kaye kuti analikhoma ndani. Ine ndinanyamula misomali ya amalume anga zaka zisanu ndi ziwiri ndisanaloledwe kudula thabwa. Inuyo anakuphunzitsani ndani?"

A Filipo anayang'ana pansi, kuopa kuti mzunguyo apsa mtima. Koma dokotala anakoka mpando n'kukhala.

"Funso labwino, fundi. Ndinaphunzira udokotala zaka zisanu ndi chimodzi kwathu. Kenako kunabwera nkhondo, ndinkasoka asilikali ovulala. Kumeneko ndinaona kuti munthu wovulala chikhodzodzo amazunzika kwambiri, ndipo odziwa kumukonza anali ochepa. Nkhondo itatha ndinapita kwa fundi wamkulu wa ntchito imeneyi. Zaka zinayi ndinkangomugwirira zitsulo ndi kupenyerera. Chaka chachisanu ndi pamene anandipatsa mpeni."

"Mwang'amba angati a matenda ngati angawa?"

"Oposa mazana awiri."

"Onse anadzuka?"

"Ayi," anatero dokotala mosazengereza. "Ena anamwalira. Ambiri mwa iwo anabwera mochedwa, impso zitaonongeka kale."

Yankho limeneli linawakhazika mtima pansi a Zaidi. Fundi wonena kuti sanaonongepo thabwa ndi wabodza, ndipo iwo ankadziwa zimenezo bwino lomwe.

Dokotala anatenga kapaipi kena ka labala patebulo n'kukafumbata m'dzanja, mbali zonse ziwiri zikuonekera.

"Kapaipi aka ndi njira ya mkodzo. Dzanja langali ndi kanyama kotchedwa pulositeti. Mwamuna aliyense ali nako, pansi penipeni pa chikhodzodzo, kukula kwake ngati suku, ndipo njira ya mkodzo imadutsa pakati pake. Mwamuna akamakalamba, kwa ambiri kanyamaka kamakula." Anafinya dzanja lija mpaka kapaipi kanaphwatalala. "Mwaona? Chikhodzodzo chimakankha, koma sichikhuthula zonse. Chimakhala chodzaza nthawi zonse."

A Zaidi analiyang'anitsitsa dzanjalo. "Ndiye kuti sindinabooke," anatero pang'onopang'ono. "Ndimangosefukira."

"Mwamva msanga kuposa ophunzira anga ena."

"Nanga chimakakulitsa n'chiyani? Alipo wandilodza? Kapena ndi machimo a paunyamata?"

"Si ufiti, si chilango. Ndi zaka basi, ngati imvi. Azungu amadwala, Amwenye amadwala, abusa a mpingo amadwala."

A Zaidi anatsitsa mawu. Funso lalikulu linali lisanatuluke. "Kugombe amati mumafula anthu."

"Kumeneko sitikhudzako. Timang'amba pansi pa mchombo n'kuchotsa nyama yopana njirayo. Mwamuna amakhalabe mwamuna. Chimene sindingakubisireni n'chakuti kubereka kumatha kuvuta pambuyo pake."

"Ana ndili nawo asanu ndi awiri," anatero a Zaidi. "Dziko ndalithandiza mokwanira."

Onse atatu anaseka. Koma kusekako kunatha msanga dokotala atavala gulovu n'kufotokoza kuti njira yokagwirira kanyamako ndi imodzi yokha, chala, kudzera kumbuyo. A Zaidi anayang'ana chitseko, ndipo miyendo inkafuna kudzuka yokha. Bambo wa ndevu zoyera, wa zidzukulu, agwidwe chotero ndi mlendo! Koma anakumbukira khonde lija ndi mapazi a anzawo akudutsa kunjira. Komanso, tinene zoona, ankafuna kudziwa.

"Chala chikadziwa chiyani kumeneko?"

"Chimasiyanitsa," anatero dokotala. "Kakakhala kosalala, ndiye kuti kangokula chabe. Kakakhala kolimba ngati mwala, kamabampumabampu, mwina pali khansa, matenda oopsa amene amafalikira. N'chifukwa chake timafuna amuna azibwera msanga."

A Zaidi anagona chammbali n'kutseka maso. Sizinatenge nthawi yoposa kumanga zingwe za nsapato, ndipo manja aja analidi ozizira.

"Kanu n'kosalala," anatero dokotala akuvula gulovu. "Kakula kwambiri, koma sindikumva choipa. Ena obwera msanga sitiwang'amba n'komwe, timangowayang'anira. Inu mkodzo unafika potsekeratu, ndiye mpeni ukufunika. Mubwera ku Zomba?"

"Ndikafunse kunyumba," anatero a Zaidi. Kunyumbako anapeza a Kulusumu atayamba kale kusinja mpunga wa kamba wa paulendo.

Anakwera sitima ya pamadzi mpaka ku Chipoka, ya pamtunda, kenako lole. Anyamata a ku injini ya sitima anachita kuwathawa chifukwa cha mafunso. Za opaleshoni yeniyeniyo sanazione, poti anawagoneka tulo, ndipo chimenecho anakhala akuchidandaula kwa zaka. Atadzuka anaumirira kuti aone chimene chinawazunza, ndipo anawabweretsera m'kambale. Anachiyang'ana nthawi yaitali, osakhulupirira kuti kanthu kochepa choncho kangamutulutse munthu wamkulu mumzikiti. Masiku oyamba anali owawa ndithu, bala linkathukuta ndipo ankayenda chowerama. Anakhala m'chipatala milungu inayi.

Anabwerera kwawo mwezi wa Seputembala, ataonda koma maso ali gwa. M'mawa woyamba anabwera kuchokera kuseri akumwetulira ngati mkwati.

"Mayi a Madina, watuluka ngati wa mnyamata!"

"Muuze mudzi wonsetu," anatero a Kulusumu, koma anatembenukira kumbali n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Timadontho tokha tinali tisanatheretu. Dokotala anali atawachenjeza kuti tingapitirire milungu ingapo bala la m'kati lisanapole. Lachisanu linkayandikira, ndipo a Zaidi anayambanso kudzifunsa. Adikirenso pakhonde? Ulendo uno anavala kofia n'kupita kwa a shehe Abdulhamid, mtsogoleri wa mzikiti wawo, amene a Zaidi anakhala akuwazemba miyezi yonseyi. Anawafotokozera zonse, kuyambira pa kanzu yonyowa mpaka pa makapu awiri.

A shehe anamvetsera osadula mawu, kenako anapukusa mutu.

"Fundi, inu amene mumafunsa za mawilo a galimoto, zimenezi zokha munalephera kufunsa? Chipembedzo chathu chimamudziwa munthu wodwala. Amene mkodzo umamudonthera osafuna amadzitsuka, amaika kansalu koyera, amasamba udhu nthawi ya swala ikakwana, n'kuima pamodzi ndi anzake. Chotuluka pambuyo pake sichimuonongera swala."

"Ndiye kuti ndikanatha kumabwera nthawi yonse ija?"

"Nthawi yonse ija. Ndipo palibe buku lathu limene limauza munthu kuti adziphe ndi ludzu."

A Zaidi anadzikwiyira, anadzimveranso chisoni. Anazunzika okha, pomwe yankho lina linali kuseri kwa mpanda wawo, lina kumapeto kwa msewu wawo womwe.

Lachisanu limenelo anamwa madzi awo bwinobwino, anasamba udhu, n'kulowa. Anzawo a mzere woyamba anasendezana, ndipo a Zaidi anaima phewa ndi phewa pakati pawo. Pamene chipumi chinagunda pamkeka, misozi inatuluka, ndipo sanaibise.

Swala itatha anapempha chilolezo kwa a shehe, n'kuwaimitsa amuna akuluakulu pansi pa mtengo wa mango panja.

"Abale anga, ndinakuuzani kuti ndi mwendo. Ndinanama. Unali mkodzo." Anafotokoza za kanyama kaja, akufumbata chala cha dzanja lina monga anachitira dokotala. "Ngati ukuchedwa kuyamba, ngati ukutuluka mofooka, ngati mukudzukadzuka usiku, ngati ukudontha kapena muli magazi, musangoti ndi likodzo. Pitani akakuyezeni. Musasiye kumwa madzi ngati mmene ndinapusira ine. Ndipo ukatsekeratu, musadikire kuti kuche kawiri, thamangani tsiku lomwelo. Za kufula zija ndi bodza. Ofuna umboni akafunse kunyumba kwanga."

Awiri atatu anaseka chamumtima. Ena onse anangoyang'ana zala za kumapazi, kenako anayamba kufunafuna nsapato zawo. Palibe anafunsa funso ngakhale limodzi, ndipo kwa munthu ngati a Zaidi chimenecho chinali chopweteka. Ananyamuka kupita kwawo akuganiza kuti adzivula pagulu pachabe.

Atafika pa mphambano anamva mapazi kumbuyo. Anali a shehe Abdulhamid, akuyenda mofulumira kuposa msinkhu wawo. Anayenda limodzi kanthawi, akukamba za mitengo ya matabwa ndi mphepo ya chaka chino. Kenako a shehe anayang'ana uku ndi uku.

"Fundi, mwaona kuti ulaliki wanga wafupika zaka ziwiri zapitazi?"

"Taona, a shehe. Timati mwayamba kutimvera chisoni."

"Si chisoni," anatero a shehe motsitsa mawu. "Sindingathe kuima nthawi yaitali osathamangira kuseri. Lolemba m'mawa mundiperekeze kwa a Filipo."

Lolemba limenelo atafika kuchipatala anapeza amuna ena atatu a mumzikiti mwawo atakhala kale pabenchi, aliyense atayang'ana kwake. A shehe anawapatsa salamu mmodzimmodzi, n'kukhala pakati pawo kudikira nthawi yawo.

Phunziro lake ndi losavuta. Kuvutika pokodza kwa mwamuna wachikulire si ufiti, si chilango, ndipo si chinthu chochititsa manyazi. Ndi matenda odziwika, ndipo alipo anthu amene anaphunzira zaka zambiri kuti awachize. Mwamuna aliyense amene wapitirira zaka makumi asanu akaona kusintha, apite kuchipatala msanga, afunse mafunso ake onse, alole kuyezedwa. Amayi, mukaona chizindikiro musakhale chete chifukwa cha ulemu. Ndipo bambo amene mwachira, lankhulani, chifukwa mnzanu amene mumaima naye phewa ndi phewa mwina akuvutika chimodzimodzi, akungodikira kuti wina ayambe.